Wotsokomola m'Kaseti

Pa siteji ya basi ku Madisi, wogulitsa makaseti ankaliza nyimbo za jazi zimene gulu lina la ku Kasakula linajambula kalekale. Bambo wina ndi mayi wina, osadziwana, ankamvetsera.

"Akuti tepi yake yapezeka chaka chino m'chigafa cha fodya, anaibisa nthawi ya chipani chimodzi," anatero bamboyo. "Koma ine sindingagule. Banjo yake sikumveka n'komwe."

"Ine ndagula awiri."

"Awiri, mayi? Tamvani, wina akuchita kutsokomola pakati pa nyimbo. Oimba enieni akanajambulanso."

"Analibe mpata. Anadzawatenga sabata yomweyo, osabwerako."

"Munkawadziwa?"

"Akutsokomolawo ndi amuna anga. Kaseti inayo ndi ya mwana wathu. Sanamvepo mawu a bambo ake."