Mapaipi a pa Chiphedi ndi Jekete la Namacha

Zaka zimene nkhondo yachiwiri ya azungu inali isanayambe, tiyi wa kuno ku Thyolo akali wamfupi, bwana wa esiteti yathu anafuna kuti madzi a kasupe wa m'phiri atsike mpaka ku fakitale. Inu ana a lero mumandiuza kuti kwina akuyala mapaipi a gasi m'mapiri ndi makina onyamulira, koma ife makina athu anali mapewa, ndipo paipi imodzi yachitsulo inkafuna amuna asanu ndi atatu.

Pa ntchitoyo panali mphwanga Namacha, mwana wa amayi aang'ono. Ndine ndinakamutenga kwa Apwitikizi, ndine ndinamulembetsa ntchito, Chinyanja chomwe anaphunzira pakamwa panga. Koma mnyamatayo anali ndi maso. Tsiku lina paipi itatsetsereka n'kuthyola mitengo, iye anauza bwana kuti tiyambe takumba masitepe, paipi iliyonse izitsamira pa chipilala cha miyala, ndipo pochitsitsa chitsulocho tizimanga zingwe ziwiri za khonje, chilichonse pa mtengo wake. Bwana anayesa, zinatheka, ndipo sabata isanathe Namacha anavala jekete la khaki ndi wenzulo wa ukapitawo.

Ana inu, jekete limenelo linkandiwawa ngati minga. Akazi othyola tiyi ankamugwadira, ine wamkulu akungondidutsa. Mkazi wanga yemwe anati, “Koma alamu aja ndi anzeru,” ndipo ine sindinadye tsiku limenelo.

Tinafika pa chiphedi china choopsa cha pamwamba pa mtsinje, mvula itagwa dzulo lake. Ine ndinali wogwira chingwe kumtunda. Namacha anakwera kudzandipeza.

“Achimwene, chingwe chachiwiri chili kuti?”

“Chimodzi chikwana,” ndinatero.

“Dothi lanyowa, achimwene. Mangani ziwiri.”

“Iwe, khasu unaphunzira kugwira kwa ndani? Pita ukaimbe wenzulo wako kumunsi.”

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandikomera. Iye anangonena kuti aliyense achoke m'njira ya paipi, n'kutsika, akuganiza kuti ndimvera akapita. Ine sindinamange. Titangoyamba kutsitsa, mtengo umene ndinakulungapo chingwe unazuka ndi mizu yomwe, chitsulo chija n'kuyamba kuthamanga. Kumunsi kunali aMasamba, mkulu wogontha amene ankayala miyala ndipo sanamve kukuwa kwathu. Namacha analumphira m'ngalande ya paipiyo n'kuwakankhira kumbali, koma paipi inam'peza iye mwendo.

Tinamunyamula pa machila mpaka ku chipatala cha mishoni ku Makwasa, ine ndili kutsogolo, osatha kucheuka. Bwana atabwera kudzafunsa, ndinkangodikira kuti wina anditchule, chifukwa anthu onse anamva zimene ndinanena. Namacha anati, “Bwana, mtengo ndinasankha ndine. Ntchito apatseni achimwene, akuidziwa.”

Basi jekete linabwera kwa ine. Mukuganiza ndinakondwa? Linali londithina m'mapewa, ndipo chilichonse chimene ndinkalamula, anthu ankati, “ANamacha ankatero kumene.” Ndinamanga zingwe ziwiri paipi iliyonse mpaka ku fakitale, chipilala chilichonse ndinachigwedeza ndi manja anga, palibe wina anavulala, koma madzi atatuluka koyamba anthu anavina akuimba dzina lake. Iye anabwerera ndi ndodo, akutsimphina, n'kupatsidwa ntchito yolondera pa geti, ndipo aliyense wodutsa ankaima kumupatsa moni. Ine ndinkadutsa ndi wenzulo wanga, ndikuchitira nsanje munthu wolumala mwendo.

Chimene chinkandipsereza kwambiri n'chakuti sanandikumbutsepo. Ndinkafuna andinyoze, tikangane, tifanane. Koma iye, “Mwadzuka bwanji achimwene,” tsiku ndi tsiku, mpaka tinamuika m'manda ku Thekerani ine ndisanatsegule pakamwa.

Lero mumakangana poyera, mumapepesana mwachangu, ndipo mwina pamenepo mwatiposa. Tsono zidzukulu zanga, mng'ono wanu akakuposani nzeru, zidzakuwawani, ine sindikunamizani. Zikuwaweni choncho, koma chimene wakuuzanicho chitani, ndipo ngati muli ndi mawu oti mumuuze, muuzeni akadali ndi makutu.