Dzuwa la ku Dubai

Chiukepo anaphunzira za VPN Lachiwiri, ndipo pofika Lachinayi anali atayamba kale kuphunzitsa anzake pagombe la Chia ku Nkhotakota. Tsiku limenelo usipa unali pa mathandala awiri pafupi ndi nyumba yawo, lina lake, lina la mkazi wake Asiyatu, woti apite nawo ku Kasungu m'mawa mwake. Cha kunyanja mitambo inayamba kuda.

"Bambo a Madina, tianule," anatero Asiyatu.

"Dikirani ndifunse foni," anatero iye, osadzuka pampando.

Anafotokoza monyadira kuti bandulo yake yotchipayo ndi ya macheza basi, makomo ena onse a intaneti eni netiweki anatseka, koma iye wapeza kanjira: VPN imadutsitsa foni ku Dubai, kenako chilichonse chimatseguka. Anatsegula zanyengo n'kuwerenga mokweza kuti dzuwa tsiku lonse.

"Ndiye foniyo ili ku Dubai?" anafunsa Asiyatu, akuwolera usipa wake m'beseni.

"Eya."

"Koma ili m'manja mwanumo."

"Thupi lili kuno, nzeru zili uko."

Asiyatu anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati dzuwa akunenalo ndi la kuno kapena la uko. Apa Chiukepo anasuzumiranso, n'kuona dzina la Dubai litalembedwa pamwamba penipeni. Koma munthu woti waphunzitsa gombe lonse angabwerere bwanji pamaso pa mkazi wonyamula beseni?

"Dzuwa ndi limodzi, mayi. La uko ndi lomweli."

"Ndiye ifenso tili ku Dubai?"

"Bola VPN ikhale yoyatsa, khomo lonse lino lili ku Dubai."

"Oho. Ndafika osakwera ndege."

Dontho loyamba linagwera pagalasi la foni. Iye analipukuta ndi chala, nati ndi thukuta. Mwakabisira anathimitsa VPN kuti aone za ku Nkhotakota, koma makomo aja anatsekekanso, foni n'kumangozungulira ngati bwato lopanda nkhafi. Anayatsanso. Dubai uja, dzuwa lija.

Mvula inabwera yamkokomo. Katswiri uja anatsomeka foni m'khwapa, n'kuthamangira kuthandala lake opanda ngakhale thumba, kumakokera usipa wonyowa m'malaya, wina ukuyenda ndi madzi ngati wakumbukira kwawo.

"Mayi a Madina, tabwerani ndi beseni, usipa ukupita uwu!"

Asiyatu anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, usipa wake wouma uli pambali. Anayang'ana kumwamba, n'kudzikupiza ndi nsonga ya chitenje.

"Ndikanabwera, bambo, koma kutalika. Kuno ku Dubai dzuwa likuswa mtengo."