Yankho Limene Ndinamubisira Mlamu Wanga

Abale anga, ine ndine Filemoni Manda wa ku Kande. Ndilankhula m'Chinyanja chifukwa cha alendo athu ochokera kumwera. Chinyanja changachi ndinakachitola ku Halale, ndiye mundipirire pamene chikutsimphina.

Ndinali munthu wodzikuza. Ndinaphunzira sukulu ku Bandawe, kenako ndinakagwira ntchito ya ukalaliki m'sitolo ku Halale. Nditabwerera kuno ndinkavala jekete ndi nsapato ngakhale pamchenga. Kutchalitchi ndinkakhala kutsogolo. Nyimbo zonse ndinkazidziwa pamtima, koma mumtimamo munalibe Yesu. Mowa ndinkamwera kuseri.

Masiku amenewo, nkhondo yachiwiri isanayambe, m'tchalitchi mwathu munkadzaza amayi ndi nkhalamba. Amuna anali ku migodi, ndipo amene abwerako ankathera pamowa. Akulu a mpingo anamva za kagulu ka alaliki amene ankayenda m'makomboni a ku migodi, kulalikira amuna okhaokha. Ena anakana kuwaitana, poopa kuti mlendo angang'ambe mpingo monga anachitira ena kale. Potsiriza anapangana kuti mlendoyo asabatize munthu, asayambitse mpingo wake, azisonkhanitsa amuna m'sukulu Lachisanu masana, ndipo mkulu wathu, Ada Longwe, azikhala naye. Ada Longwe ankamva Chinyanja koma polankhula lilime linkawalemera. Anasankha ine kuti ndikhale womasulira.

Anabwera bambo Simeoni Gwaza, a ku Dedza, aafupi, oyenda chosavala nsapato, osadziwa Chingelezi. Ndinawanyoza mumtima. Ndinkadzifunsa kuti ine wa ku Bandawe ndingakhale bwanji pakamwa pa munthu wotere.

Ndinali ndi mlamu wanga, Yesaya, mwamuna wa mlongo wanga Eneti. Anali msodzi, sanayendepo kunja, ndipo ankadziwa Chitonga chokha. Tsiku lina ataledzera anamenya Eneti ndi nkhafi, mpaka khutu limodzi linagontha. Kuyambira pamenepo sindinkafuna ngakhale kumva dzina lake.

Yesaya anayamba kubwera Lachisanu. Ankakhala kumbuyo, atazyolika.

Tsiku lina msonkhano utatha, Ada Longwe atatsogola kale, ine ndi bambo Gwaza tinamupeza akutidikira pansi pa mtengo wa mango. 

"Alamu, mundifunsireko kwa mlendoyu. Munthu amene wagonthetsa mkazi wake ndi dzanja lake, Mulungu angamulandire?"

Funsolo ndinalimasulira bwinobwino. Bambo Gwaza anamugwira dzanja, misozi ili m'maso. Anati: "Muuzeni kuti inde, lero lomwe. Yesu anafera anthu otere. Mawa tipite ndi Ada Longwe kwa mkazi wake akapepese."

Ine ndinatembenuka n'kunena m'Chitonga kuti, "Akuti kwa munthu ngati iwe khomo linatsekedwa kale."

Yesaya anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. Anangothokoza kuti "Yewo," n'kumapita kunyanja. Bambo Gwaza anadabwa. Ndinawauza kuti akuti akaganize kaye.

Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndamulipsirira mlongo wanga. Ndinadya bwino tsiku limenelo. Zimenezi ndikunena ndi manyazi.

Mwezi usanathe, Yesaya anasiya bwato ndi ukonde pagombe n'kulowera kumwera, osatsanzika munthu. Eneti anatsala ndi ana atatu ndi munda wa chinangwa wosapalira.

M'mawa wina Eneti anabwera kwathu, mwana ali kumsana.

"Achimwene, mundiperekeze kwa mlendo uja. Mwamuna wanga anali atasiya mowa. Anali atayamba kunditungira madzi, anthu akumuseka. Ndikufuna mlendoyo andiuze chifukwa chake anamutsekera khomo. Inu mukandimasulire."

 Ndinayesa kuzemba, koma iye anaima pakhomo mpaka ndinavala.

Tinawapeza bambo Gwaza atakhala pakhonde ndi Ada Longwe, akusoka ukonde. Eneti anagwada n'kunena mawu ake, akupendeketsa mutu kuti amve ndi khutu lotsalalo. Onse anandiyang'ana ine kuti ndimasulire. Ada Longwe anali pomwepo, akumva mbali zonse ziwiri. Ponamira panalibe.

 Ndinagwa pansi, jekete ndi zonse, n'kuulula. Ndinaulula m'Chitonga, ndinaululanso m'Chinyanja.

Eneti sanalire. Anangoti, "Khutu ndi langa, achimwene. Ndani anakutumani?" Ananyamuka n'kumapita.

Ndinkayembekeza kuti bambo Gwaza andilalatira.  Koma iwo anati: "Yankho lija likadalipo. Munalibisa kwa mlamu wanu, koma ndi lanunso." Anandidzutsa, ndipo tinagwada atatu pakhonde lija. Kwa nthawi yoyamba ndinapemphera popanda kusamala kuti mawu anga akumveka bwanji.

Mpingo unandidula ku mgonero, ndipo unachita bwino. Ntchito yomasulira anaipereka kwa wina. Ada Longwe anandituma kukapalira chinangwa cha Eneti. Ndinavula nsapato, n'kugwira khasu limene ndinalisiya ndili mnyamata. Manja anatuluka matuza. Asodzi ankadutsa akundiloza. Mlongo wanga anatha nyengo yonse ya mvula osandilankhula.

Akulu ena anati zonsezi zabwera ndi mlendo, abwerere kwawo. Ada Longwe anaimirira nati, "Wanama ndi mwana wathu, si mlendo ayi." Msonkhano wa Lachisanu unapitirira.

Mpingo wathu unalibe njira yofikira ku migodi, koma bambo Gwaza anali nayo. Anatumiza uthenga kwa alaliki anzawo, ndipo dzina la Yesaya linayenda komboni ndi komboni. Ife kuno tinkamupempherera. Patapita zaka ziwiri anamupeza ku mgodi wa malasha, atagona m'chipatala, chifuwa chitamudya. Mlaliki wina anapeza Mtonga womumasulira, n'kumuuza yankho lenileni. Amuna a Lachisanu anathandizana ndi alaliki aja mpaka anafika kuno pa sitima ya pamadzi.

Ndinapita kukamuona. Anali atakhala pamphasa, mafupa okhaokha, Eneti akumumwetsa phala. Ndinaima patali, ndikulephera kuyang'ana nkhope yake.

"Ndinamva kale zonse, alamu," anatero. "Khalani pansi apa. Tonse awiri tinamulakwira mkazi ameneyu."

Eneti anandiyalira mphasa.

Yesaya anakhala nafe miyezi yowerengeka. Analandiridwa mu mpingo, ndipo tsiku limene ine ndinabwezeretsedwa tinamwera chikho chimodzi. Anamwalira mvula isanagwe. Ana ake ndinawalera ine. Koma sindidzinamiza. Chifuwa chija anakachitenga kumene ndinamuthamangitsira ine, ndipo ana aja anakula opanda bambo chifukwa cha lilime langa. Mulungu anandikhululukira, koma manda aja ndimawadutsa nditawerama.

Ndikuyamika Yesu, amene sanalole kuti bodza langa likhale mawu otsiriza amene Yesaya anamva. Ndikuyamikanso chifukwa cha mpingo umene sunathamangitse mlendo, ndi mlendo amene sanatope nafe. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Tsono iwe mwamuna mnzanga, kaya ukununkha mowa, kaya dzanja lako lapweteka wa m'nyumba mwako, kaya umakhala kutsogolo m'tchalitchi mtima uli wouma, usadikire kuti uyambe wadzikonza. Ambuye akukuitana monga momwe ulili. Dzuka, bwera kuno, tigwade limodzi.