Bambo Delbert Haskew ndi Mfuti ya a Tibbets

Amene tikuwaperekeza lerowa, Bambo Delbert Orin Haskew, anabadwa pa 9 Malichi 1941 pa famu ya tirigu kumpoto kwa tauni yathu ino ya Enid. Anali achiwiri kubadwa mwa ana asanu a Bambo Virgil ndi Mayi Opal Haskew. Mwa asanufe ndatsala ndekha ine Elwood, mzime, ndiye abale andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Mundikhululukire ndikamapumira m'njira. Masiku apitawa atilemera.

Sukulu anayamba mu 1947 ndipo anamaliza sekondale mu 1959. M'kalasi sanali otchuka, nzeru zawo zinali m'manja. Mu 1960 analowa usilikali, kumene anawaika m'nyumba yokonzera zida. Atabwerako mu 1963 anayamba ntchito yosula zitsulo za makina okumbira mafuta, ndipo anaigwira mpaka pamene anapuma mu 1999.

Pa 12 Juni 1965 anamanga ukwati ndi Mayi Lorene m'tchalitchi chomwe chino. Amene anawagwirira mphete tsiku limenelo anali Bambo Harlan Tibbets, mnzawo wa ubwana, amene ankakwera naye bulu mmodzi popita kusukulu.

Mu 1967 malemu anagula mfuti yawo yoyamba yakale, ya m'manja, zija zokhala ndi kamgolo kozungulira ka zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo mtima wawo sunabwererenso. Sankakonda kuwombera ayi; mfuti zawo zambiri sanazikhethemulepo n'kamodzi komwe. Chimene ankafuna n'kudziwa kuti chitsulocho chinasulidwa liti, chinadutsa m'manja mwa yani, ndipo ndani anachiseweretsa m'njira. Munthu akabwera ndi mfuti, iwo ankayamba asamba m'manja, n'kuyala kansalu patebulo, n'kutenga galasi lawo lokulitsira zinthu. Ankayang'ana ngati manambala a pathupi, pampope ndi pachigwiriro akugwirizana, ngati mtundu wakuda wa chitsulo uli wa kufakitale kapena wochita kubwereza, ngati zilembo zili zakuthwa kapena zofufutika. Akatchula mtengo, ogula ndi ogulitsa omwe ankangoti basi, a Haskew anena.

Kawiri pachaka, mu Epulo ndi mu Novembala, ankapita kuchionetsero cha mfuti zakale ku Tulsa. Mayi Lorene anawaperekeza zaka zoposa makumi anayi, kukhala pakampando kopinda masiku awiri athunthu, khofi wozizira m'manja. Ponena za mfuti za amuna awo, ankakonda kunena kuti, "Ine ndili pamitala, akazi anzanga ali m'kabati." Tinkaseka, koma ana akudziwa kuti masiku awo obadwa angapo anadutsa bambo awo ali pamsewu. Malemu eni ake anavomereza zimenezi atakalamba, ndipo anapepesa.

Pali nkhani ina imene ambiri muno mukuidziwa mwa theka. Banja lagwirizana kuti ndiinene yonse, ndipo mwini wake, Bambo Tibbets, andilola.

Mu Novembala 1998 Bambo Tibbets anagulitsa ng'ombe zawo zonse n'kugula mfuti imene wogulitsa anati inali ya asilikali apakavalo a m'zaka za m'ma 1870. Anagula osafunsa mnzawo, pofuna kumudzidzimutsa. Anafika nayo patebulo la malemu ku Tulsa, anthu atadzaza, n'kuitsitsa pakansalu paja.

"Iwe Delbert, taona ichi, ukafe utachionako!"

Malemu anaitembenuza nthawi yaitali. Kenaka anati, "Harlan, tiye panja tikapume mphepo."

"Mphepo yanji? Nena pompano anthu amve."

"Tiye panja, ndakupempha."

"Wachita mantha eti? Nena!"

Ndiye ananena. "Yakale ndi yakale ndithu, koma si mfuti imodzi. Ndi mfuti zitatu zochita kulumikiza. Manambalawa wina anapala ndi tupa n'kudinda ena. Chidindo cha pachigwiriro ndi chadzulodzuloli."

"Nsanje basi!" anatero Bambo Tibbets. "Zaka makumi atatu ukusaka yotereyi osaipeza, lero waiona m'manja mwanga mutu wakupweteka."

Wogulitsa uja sanaonekenso. Patapita sabata ziwiri Bambo Tibbets anabwera kunyumba, atafewa, kudzapempha kalata yokha yosainidwa ndi malemu, yonena kuti mfutiyo ndi yeniyeni, kuti aigulitse apezenso ng'ombe zawo. Malemu anati, "Ng'ombe ndikuthandiza kugula. Kalata sindilemba. Ndikalemba, tsokali ndangolisamutsira kwa munthu wina." Bambo Tibbets anakana thandizolo, anatuluka osatsanzika, ndipo chaka chotsatira anagulitsa theka la famu yawo.

Kuchokera pamenepo awiriwa anakhala zaka makumi awiri ndi zitatu osalankhulana. Lamulungu lililonse ankapemphera muno, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Akazi awo, amene anali paubwenzi waukulu, ankachita kukumana mobisa m'sitolo. Mayi Maxine, akazi a Bambo Tibbets, atamwalira mu 2011, malemu anaima kumbuyo kwenikweni kumanda, chipewa m'manja, n'kubwerera osapereka moni. Pobwerera m'galimoto anandifunsa kuti, "Elwood, kodi ndinalakwa?" Ine ndinati sindikudziwa. Iwo anati, "Pa mfuti sindinalakwe. Koma ndikanamukoka dzanja n'kutuluka naye panja, ngakhale akanandimenya." Sanaiyankhulenso nkhaniyo, koma inawadya m'kati.

Mu 2006 anawapeza ndi matenda a shuga. Maso anayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono, ndipo pofika 2015 anasiya kuona. Chaka chomwecho anasiya kupita ku Tulsa. Mu 2019 impso zinafooka, ndipo anayamba kupita kumakina otsuka magazi katatu pa sabata. Mayi Lorene ndiwo ankayendetsa galimoto, mvula kaya chisanu, iwonso msana ukuwavuta. Mwana wawo Wanda anasiya ntchito ku Wichita kudzathandiza kuwanyamula, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Zaka zitatu zimenezo zinali zazitali. Malemu anatopa, owadwazika anatopa, ndipo palibe chifukwa chobisira. Chimene chinkatopetsa koposa anali matelefoni a anthu ena ofunsa za moyo wa wodwala m'mawu awiri, kenaka n'kufunsa kuti za m'kabati zija zidzapita kuti.

Loweruka lina m'mawa, mu Febuluwale 2022, Bambo Tibbets anagogoda pakhomo, akuyendera ndodo, kabokosi kali m'khwapa. Ine ndinalipo. Mayi Lorene anawatsegulira chitseko. Malemu anali pampando wawo pafupi ndi zenera, ndipo anazindikira kutsokomola kokha.

"Harlan? Ukadali moyo iwe?"

"Ndikudikira iwe uyambe. Ndabwera nayo ija. Taionanso bwinobwino."

"Ndiona ndi chiyani? Maso anapita kale."

"Manja uli nawo."

Malemu anapempha madzi, anasamba m'manja, Wanda n'kuwayalira kansalu pamiyendo. Anaisisita mfutiyo ndi zala kuyambira kumpope mpaka kuchigwiriro, n'kuima nthawi yaitali pamene panali manambala. Ine mumtima ndinkapemphera kuti anameko kamodzi kokha, munthu wamkulu abwerere ndi mtendere.

"Harlan," anatero, "pamene anapala ndi tupa pakadali kadzenje. Ndi yomwe ija. Sinasinthe."

Bambo Tibbets anakhala pansi mwamphamvu. "Ndikudziwa," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija, ndisanafike n'kugalimoto komwe. N'chifukwa chake sindinaigulitse kwa munthu."

"Nanga zaka zonsezi?"

"Manyazi, Delbert. Manyazi basi."

"Chitsiru iwe," anatero malemu, misozi ikutsika. "Lorene, m'patseni khofi munthuyu asanatifere pano."

Kuyambira tsiku limenelo Bambo Tibbets ankabwera m'mawa uliwonse kudzawameta ndevu ndi kuwawerengera mabuku awo a mfuti, uku akukangana za zaka ndi manambala ngati anyamata. Anapatsidwa miyezi isanu ndi iwiri yokha. Pa 28 Sepitembala malemu anagonekedwa m'chipatala mtima utafooka, ndipo Lolemba pa 3 Okutobala 2022, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anatisiya ali ndi zaka 81, akazi awo atawagwira dzanja.

Asiya Mayi Lorene, amene akhala nawo m'banja zaka 57. Ana awiri, Royce ndi Wanda. Adzukulu asanu, chidzukulu chimodzi, ndi ine mng'ono wawo.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, anamwino amene ankawalandira katatu pa sabata osatopa nawo, amayi amene akhala akubweretsa chakudya kunyumba, ndi anzawo a ku Tulsa amene ayenda mtunda wautali kudzakhala nafe. Kwa amene muli ndi mafunso okhudza katundu wa malemu, chonde, osati lero, osati mwezi uno. Asiyeni Mayi Lorene agoneko tulo.

Bambo Tibbets apempha kuti anyamule nawo bokosi. Tinawauza kuti miyendo yawo singathe, iwo akana kumva. Choncho anyamata inu, muyende pang'onopang'ono potuluka.

Achimwene, munavutika nthawi yaitali. Pumulani tsopano, ndipo Mulungu aulandire mzimu wanu mu mtendere wake.