Chitsulo Chimene Tinapachika ku Majaua

Zaka zija titangobwerako kumakampu a ku Malawi, nkhondo itatha, ine ndinali kale ndi matenda angawa osakhazikika, lero ku Mongue, mawa ku Molumbo, ndipo dzinja linandipeza kwa mlongo wanga Rozina ku Majaua, m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje. Masiku ano ndimamva pawailesi kuti kuli anthu oyeza mayiko, ati aone dziko lomwe lakonzekera mavuto aakulu, koma inu ana, ife tinauyezapo mudzi wathu, ndipo zimene tinaona ndimaseka nazo mpaka lero.

Mwamuna wa Rozina, a Zuze, anali katekisita, ndipo ankaopa madzi poti tonse tinamanga kumunsi, pafupi ndi madimba. Anapachika chitsulo cha gudumu la galimoto pamtengo wa mango, nalengeza m'tchalitchi kuti chikalira, aliyense anyamule ana athawire kuchitunda. Onse anavomera. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo anandinong'oneza kuti, "Alamu, tiyeni tiwayese."

Ndinachimenya ndine. Anthu anatulukadi liwiro, koma kuchitunda sikunapite ndi mmodzi yemwe. Onse anabwera pamango pomwepo ndi matumba, zidebe, mabotolo, n'kufola mzere wowongoka bwino, pajatu kukampu chitsulo chikalira ndiye kuti kwabwera ufa ndi nyemba. Kutsogolo kunali Rozina.

"Mayi, ana ali kuti?" anafunsa a Zuze.

"Ndawasiya, akanandichedwetsa. Nanga ufawo?"

"Ufa wanji? Apa mwafa nonse, madzi akutengani!"

Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ngati tafa, a katekisita, tigawireni nyemba za pamaliro!"

Tinaseka mpaka misozi, koma alamu anga maso anali kumtsinje. Kenaka anamasula chitsulo chija, tinachinyamula awiri mpaka pamwamba pa chitunda, ndipo atachipachika anati, "Poti miyendo yanu imatsata chitsulo, muzichitsata kuno. Wobwera wopanda ana ndimubweza."

Mtsinje utasefukira chaka chomwecho, nyumba zina zinapita, nkhuku zinapita, koma anthu tonse tinali pachitunda, ana ali kumsana, ena atanyamulabe timatumba tawo kuti mwina mwake.

Ndiye inu a lero, mafoni muli nawo, uthenga umakufikani msanga, koma musamangokhulupirira munthu akati wamva. Muzimuyesa kunja kuli bwino, muone kumene miyendo yake inazolowera kuthamangira, ndipo chipulumutso muchiike komweko.