Mwala wa Munthu Wamanzere

Chaka chomwe ndinayamba kulima ndi ng'ombe kuno ku Magodi, ndidakali ndi mano onse m'kamwamu, pulawo inatembenuza mwala wakuda, wosalala, wonoledwa mbali imodzi ngati nkhwangwa. Sendererani kuno kumthunzi, adzukulu inu, makasuwo sathawa. Kuyambira tsiku limenelo maso anga sanachokenso pansi, ndipo mvula yoyamba ikangotsuka mizere ndinkayenda chowerama ngati nkhuku, kutola timiyala toyera tosongoka, nsonga za mivi yakale, ndi miyala ina yobowoka pakati, n'kumasunga zonse mumtsuko kuseri kwa chitseko.

Lero inu mukaona chachilendo mumathamangira kuchijambula ndi foni, koma kale anthu ankayamba ndi kuchiopa. Miyala yotere ankati ndi nkhwangwa za mphezi, zogwa kumwamba, ndipo woisunga m'nyumba ndiye kuti akuitana mwiniwake adzaitenge. Agogo anu aakazi, malemu NyaZimba, ankadana nawo mtsukowo koopsa. Ine ndinkaumirira kuti anasema ndi Akafula, anthu amene ankakhala kuno makolo athu asanafike, koma umboni ndinalibe.

Ndiye tsiku lina m'dzinja mphezi inagwa pakhola masanasana, n'kupha ng'ombe yathu yolimira. NyaZimba anamanga zovala zake pachitenje, n'kundiuza kuti ndisankhe: miyala ikatayidwe kumtsinje, apo ayi atenga ana abwerere kwawo ku Chikomeni. Sankaseka ayi, ndipo mtima unandiwawa zedi, chifukwa mkaziyo ndinkamukonda, miyalanso ndinkaikonda.

Ndinasenza mtsuko, iye akunditsata pambuyo, poti ankandidziwa bwino kuti ndikhoza kukaubisa patchire. Titafika kumtsinje manja anga anakana kuponya, ndiye ndinamuuza kuti woyamba aponye yekha. Ndinamusankhira mwala wopalira zikopa, wokhala ndi kadzenje pambali, umene sindinkaukonda kwenikweni chifukwa zaka zonsezo unkandikana m'manja. Ndikaugwira, kwakuthwa kwake kunkaloza kwa ine.

Tsono mudziwe kuti agogo anuwo anali amanzere. Ali mwana ankamenyedwa dzanja limenelo ndi mthiko, nthawi zina ankalimanga ndi luzi kuti aphunzire kudya ndi lamanja, ndipo mpaka kukula ankalibisa pamaso pa alendo. Koma tsiku limenelo, chifukwa cha mkwiyo, anaiwala, n'kulandira mwalawo ndi lamanzere. Ana inu! Chala chachikulu chinalowa m'kadzenje kaja ngati anachita kumuyeza, zala zinazo zinapeza malo ake, kwakuthwa kukuloza kunja. Anangoima duu, mkono uli m'mwamba.

"Bambo a Suzgo," anatero motsitsa mawu, "mphezi ilibe zala. Uyu anali munthu, wamanzere ngati ine."

Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa, "Kodi nayenso ankamumenya?"

Mpaka lero ndimadabwa kuti munthu amene manda ake sitiwadziwa, dzina lake linapita ndi mphepo, anasiya muyeso wa dzanja lake m'munda mwanga, n'kudikira m'dothi mibadwo yonseyo mpaka atapeza mnzake. Pobwerera mtsuko uja anasenza ndi NyaZimba, ndipo chitenje anamasula tsiku lomwelo. Mwalawo sunabwererenso mumtsuko. Ankapalira nawo chinangwa pakhonde, ndi dzanja lamanzere, alendo akuona, kufikira chaka chomwe anatisiya.

Ndi uwu, sumachoka m'thumba mwanga. Choncho mukamalima musamafulumire kuponya mwala kumalire, yambani mwaugwira kaye m'dzanja ili, kenako ilinso. Ndipo iwe Tiyezge, ndakuona mmene umasinthira khasu ukaganiza kuti palibe akukuyang'ana. Usabise, mdzukulu wanga. Tambasula lamanzerelo, ulandire.