Mng'alu wa a Abednego

A Abednego anali ndi m'mawa umodzi wokha woti akongoletse nyumba yawo ya pa Mitundu, chifukwa wogula, a Matthews a ku Nathenje, amabwera masana omwewo, ndipo malondawo akanakanika, nyumba yawo yatsopano ku Malingunde ikanalandira mvula ilibe denga. Tsoka lake wowathandiza anali mlamu wawo, a Gilibati, munthu amene ukamutuma amachita zimene wanenazo basi, osawonjezera, osachotsera.

"Alamu, pali mawu," anayamba a Gilibati atangofika.

"Lero pakamwa tseke, manja ndiwo alankhule. Tengani bulashi, mupake laimu kutsogoloku."

"Nanga kuseri?"

"Kuseri zimaonako ndi mbuzi."

A Gilibati anapaka kutsogolo, nalekezera pakona penipeni ngati ayeza ndi rula. Atatero onse analowa pabalaza, pomwe panali mdani wamkulu: mng'alu wotsika khoma kuchokera kudenga mpaka pansi.

"Kalendala ija ikhomeni apa."

A Gilibati anakhoma, nabwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone bwino.

"Yabisa pakati pokha."

"Wonjezerani ina."

"Yotsalayo ndi ya chaka chatha."

"Munthuyo akudzagula nyumba, sakudzagula masiku. Khomani!"

Pamwamba pa makalendala anapachikapo chithunzi cha ukwati wa a Abednego, m'munsi nakankhirapo kabati. Panatsalabe mpata wa chikhato chimodzi, pomwe dzuwa limalowera mosapempha odi.

"Apo ndiimapo ine," anatero a Abednego.

"Mpaka achoke?"

"Mpaka achoke."

"Akafuna kuona kuchimbudzi?"

"Muwaperekeza ndinu."

"Ine paja dzulo munati ndidzaime pakona pali chiswepo, osasuntha."

"Ndiye apirire, ku Nathenje si kutali!"

A Abednego analima fodya zaka makumi atatu, ndipo chimene anaphunzirako ndi chimodzi: tsamba labwino limakhala pamwamba. Munthu wotere ukamuuza za chikomekome cha mkuyu, amakuyankha kuti nyererezo n'za wogula.

"Nanga ndowa yolandirira madonthoyi?" anafunsa a Gilibati.

"Ikanimo maluwa."

"Maluwa mu Okutobala?"

"Aaa, inunso! Thyolani chilichonse chobiriwira."

A Gilibati anatuluka, nabwera ndi mtolo wa chigwada. Anauimika mu ndowamo mosamala.

"Akafunsa, ndinene kuti ndi maluwa?"

"Musanene kanthu."

Dzuwa litafika paliwombo, a Abednego anaima pakhomo, manja m'chiuno. Nyumba inali mbee, moti mtima wawo unachita kunyada ngati tsiku lija anailowa koyamba.

"Eya. Tsopano nenani mawu anu aja."

"Mng'aluwo a Matthews anauona kale."

"Anauonera kuti?"

"Pafoni. Sabata yatha munati ndijambule nyumba yonse ndiwatumizire. Ndinajambula yonse."

"Yonse?"

"Yonse."

"Ndi chiswe chomwe?"

"Chiswe ndinajambula kawiri. Koyamba sichinaoneke bwino."

A Abednego anakhala pansi pomwepo, pakhonde, osasamala laimu. Anaganiza za akazi awo amene anatsogola kale ku Malingunde, akugona m'nyumba yoona nyenyezi, ndipo mantha anawagwira enieni.

"Mwandipha, alamu. Mwandipha ndi manja anu."

"Ayi, anasangalala."

"Anasangalala ndi chiswe?"

"Makamaka mng'alu. Anati ndiujambulenso pafupi, ndilowetsemo dzanja."

"Inu n'kulowetsamo?"

"Mpaka m'chigongono."

"Kodi munthuyo mutu wake ukuyenda?"

"Ukuyenda. Akufuna kumanga chigayo pano, poti m'pamsewu. Nyumbayi aigwetsa."

A Abednego anatembenuka, nayang'ana khoma loyeralo.

"Kwawo ku Nathenje anakana malo ena," anapitiriza a Gilibati, akupukuta bulashi, "chifukwa nyumba yake inali yolimba, yofuna amuna khumi ndi nyundo. Yanuyi anati angoitsamira."

"Kuitsamira? Nyumba imene ndinaumba njerwa zake ndekha?"

"Anatero kumene. Anati akaipeza monga ilili pachithunzi, malonda atha lero lomwe. Koma akaona kuti mwaikonza yalimba, abwerera."

"Nanga bwanji osanena m'mawa muja?"

"Munati pakamwa tseke."

Kumsewu kunamveka galimoto ikuchepetsa liwiro. A Gilibati anasuzumira.

"Ndi iwowo. Ndikaime pachiswe paja?"

A Abednego anadzambatuka ngati aponda moto, nathamangira pabalaza. Makalendala onse awiri anawazula kamodzi.

"Tsitsani ukwatiwo! Kankhani kabati! Chigwada panja, ndowa ioneke!"

"Nanga laimu wakutsogoloyu?"

"Alowetseni chakuseri!"

Khoma linatsala lamaliseche. A Abednego anauyang'ana mng'alu uja kuchokera kudenga mpaka pansi, nalowetsamo dzanja, napukusa mutu mokhumudwa.

"Alamu, nyundo ili kuti? Kamng'alu aka n'kakang'ono, katichititsa manyazi pamaso pa alendo."